Nkhope Yoyamba M'kamera ya Amuna Anga

1

Dzina langa ndi Tawina. Ngati munali pamsika wa Lizulu tsiku lomwe mayi wina wokoleka kamera m'khosi anamenya mbama mtsikana wa m'shopu ya zitenje n'kumuvula mpango pagulu, ndiye kuti munandionapo. Mwina munali m'gulu la amene ankakuwa kuti, "Muonjezereni!" Sindikukusungirani chakukhosi. Nanenso tsiku limenelo ndinkadziona ngati ndachita chamuna.

Amuna anga, a Maynard, anali wojambula zithunzi wodziwika pa Boma la Ntcheu. Ukwati, chinkhoswe, kuvundukula chiliza, ana a sukulu ya mkaka atavala timikanjo tawo, ponsepo ankaitanidwa iwo. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi chikwama cha mabatire, n'kumagwirira ambulera ya fulashi yowalitsira pojambula mpaka mkono kuchita dzanzi. Kamera yawo ankaikonda koopsa. Mvula ikayamba ankavula jekete n'kufunditsa kamera, ine ndikunyowa pambali pawo.

Komabe anandiphunzitsa ntchitoyo, ndipo pamenepo ndiwayamikire.

"Taona," anatero tsiku lina tili pakhonde, akundionetsa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera. "Kabokosi kobiriwira aka kakakhala pankhope ya munthu, ndiye kuti fokasi yagwira pamenepo. Munthuyo atuluka bwino mpaka nsidze. Ena onse achita mbuu ngati nkhungu ya ku Tsangano."

"Nanga pa perekaniperekani, anthu atadzaza bwalo, idziwa bwanji kuti mkwatibwi ndi uti?"

"Apo ndiye pali nzeru. M'mawa, mkwatibwi akangomaliza kudzikongoletsa, umamujambula nkhope pafupi n'kuiuza kamera kuti isunge. Ikasunga siiwala. Kaya abisale kuseri kwa azakhali ake, kabokosi kamupeza. Imasunga nkhope zingapo motsatana, ndipo awiri osungidwa akaonekera limodzi, imasankha wa pamwamba."

"Ndiye pamwambapo pali ndani?"

"Ukufunsa dala? Akwatibwi amalowa n'kutuluka pa nambala yachiwiri. Nambala wani ndi nkhope yako, sindiifufuta."

Ndinasekerera ngati kamtsikana ka sekondale. Sindinapemphe n'komwe kuti andionetse.

2

Mwana tinalibe. Zaka zinapita, anzanga amene ndinawajambula pa ukwati wawo n'kumandiitananso kudzajambula ana awo, ine chikhalirecho. M'nyumba zina mkazi amaitana mwamuna wake kuti "bambo a uje." Ine ndinalibe uje woti n'kuwaitanira.

Mlongo wawo wa a Maynard, alamu anga a Maness, ndiwo ankandikumbutsa ndikaiwala. Ankabwera kuchokera ku Manjawira ndi kathumba ka nyemba, n'kukhala pampando wabwino, n'kuyamba.

"Alamu, kodi nkhuku yosaikira timaiweta mpaka liti? Ndikungofunsa za nkhuku, musandimve molakwa."

Yankho ndinali nalo, loti likanawatseka pakamwa mpaka kalekale. Koma tisanakwatirane ndinawaululira a Maynard nkhani ina ya utsikana wanga, ndipo iwo anandilumbiritsa kuti isadzatuluke m'nyumba mwathu. "Ndikukuteteza iwe," ankatero. A Maness akamalankhula za nkhuku, iwo ankangoweramira kamera yawo n'kumaipukuta.

Kenako tsoka linagwa. A Maynard anagwa pansi akujambula kwaya kutchalitchi, masana dzuwa likuswa mtengo. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerera kunyumba mbali ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu atatha. Chomwe ankatha kutulutsa ndi "a-a-a" basi. Kuwasambitsa ine, kuwadyetsa ine, kuwatembenuza pabedi ine. Amayi a kumpingo ankabwera kudzaimba nyimbo, n'kumandisisita paphewa.

"Akazi ngati inu asowa masiku ano," ankatero. "Mulungu akuona."

Nyimbo sizidyedwa. Ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa kamera, n'kuikoleka m'khosi mwanga. Ntchito zing'onozing'ono zinayenda bwino. Ndiye kunabwera yaikulu: ukwati wa Emma ndi Gracian ku Lizulu, zithunzi ndi vidiyo yomwe.

3

Ndinachita zonse monga anandiphunzitsira. M'mawa ndinamujambula Emma nkhope pafupi, kamera inasunga, n'kumuika pa nambala yachiwiri. Kutchalitchi kabokosi kanamukakamira ngati nkhupakupa. Mumtima ndinati, Tawina, lero watchuka.

Zinasokonekera kumadyerero. Perekaniperekani atafika pa anzake a mkwatibwi, atsikana analowa m'bwalo akuvina. Ndinaloza kamera kwa Emma, koma kabokosi kanadumpha n'kukatera pa mtsikana wina wa mpango wachikasu, kumbuyo kwenikweni. Ndinakabweza ndi chala. Kanadumphanso. Ndinazimitsa kamera n'kuyatsanso, koma mtsikanayo akangoonekera, ngakhale theka la nkhope, kabokosi kankamusiya mkwatibwi n'kuthamangira kwa iye.

Podula keke ndinali pa vidiyo, ndipo zinachitikanso. Akwati awiriwo anachita mbuu, mtsikana uja ali kumbuyo akuseka, akuoneka bwino mpaka mpata wa pakati pa mano ake akutsogolo. Ndinayamba kuzungulira bwalo ngati wamisala, kusaka poima poti iyeyo asalowe m'chithunzi.

Nditapita kukapereka zithunzi, mayi ake a Emma anaziyang'ana chimodzichimodzi, milomo atainyamula.

"Mayi, mwana wangayu mwamujambula ngati mzukwa. Kodi mkwatibwi anali Latifa?"

"Latifa ndi uti?"

"Uyu mwamukongoletsayu. Mwana wa a Saiti, a shopu ya zitenje pamsikapa. Amuna anu sankachita zimenezi."

Ndinapepesa mpaka mawu kuuma. M'minibasi yobwerera ku Boma ndinkangoganiza ziwiri: kaya kamera yafa, kaya wina waichita chipongwe cha mankhwala. Chachitatu sichinandifike m'mutu mpaka nditatsika.

4

Ndinafika kunyumba, n'kuwasiya a Maynard ali gone kuchipinda, n'kukhala kuseri kwa nyumba. Ndinatsegula menyu ya kamera, n'kutsika mpaka pamalo posungira nkhope. Pa nambala yachiwiri panali Emma ndi nkhata yake ya maluwa. Ndinakweza maso.

Pa nambala wani panalibe ine. Panali kankhope kakang'ono kovala mpango, kakuseka.

Kamera imeneyi ili ndi malo a memori khadi awiri. Ine ndinkagwiritsa ntchito ya pamwamba yokha, poti a Maynard ankati ya pansiyo ndi yongosungira, ndisamaikhudze. Ndinaikhudza.

Latifa akupinda chitenje. Latifa akumwa madzi pakhomo la shopu. Latifa akusankha mbatatesi, akuthawa mvula, akuyasamula. Zithunzi zosawerengeka, zonse zojambulidwa patali ndi lenzi yawo yaitali yokokera zakutali, kuchokera kutsidya kwa msewu, mbali ya Mozambiki. Palibe ndi chimodzi chomwe chimene ankayang'ana kamera. Ndinapezanso kuti pa makonzedwe awo ena anazimitsa kaphokoso kaja ka "tchaka," kuti ajambule mwakachetechete ngati wakuba. Kamera imalemba tsiku pa chithunzi chilichonse. Masiku ake anali omwe aja ankandiuza kuti akupita ku Dedza kukatsukitsa zithunzi zikuluzikulu.

Inenso ndili ndi mpata m'mano akutsogolo. Ndinaseka ndekha, kuseka kowawa. Kani bamboyu amangokonda a mpata, wakale akatha amasaka watsopano.

Ndinalowa kuchipinda n'kuwaika kamera pamphuno.

"Uyu ndani?"

Maso awo anatuzuka.

"Ndikufunsa, a Maynard. Nambala wani wanu uja ndi ameneyu? Mwana woti mukanamubereka inuyo?"

"A-a-a."

"Ine ndikunyowa ndi mvula, ndikutukwanidwa ndi alongo anu, inu muli ku Lizulu kuseri kwa matumba a kabichi?"

Anakweza dzanja lamanzere, lamoyo lija. Analoza kagalasi ka kamera, kenako analoza ine. Analozanso kamera, n'kulozanso ine, mpaka chala chinandigunda pachibwano. Misozi inkatsikira m'khutu.

"Eya, mwandisinthanitsa ndi iyeyo, ndamva," ndinatero, n'kukankha dzanjalo. "Musavutike kundifotokozera."

Nthawi yowadyetsa phala inali itakwana. Ndinakatenga phala n'kuwadyetsa.

5

Owerenga anzanga, mwamuna wamoyo bwino akakulakwira, umamutukwana, iye n'kuyankha, n'kuitana ankhoswe, mwina n'kumanga katundu. Nanga woti sangayankhe, sangadzuke, sangapite yekha kuchimbudzi? Ndikanawasiya, Ntcheu yense akanati Tawina wathawa matenda. Ndikananena chifukwa, akanati ndikunamizira munthu wopanda pakamwa. Ankhoswe akanafunsa mbali yawo, mbali yawoyo n'kukhala "a-a-a."

Ndiye ndinakhala. M'mawa uliwonse ndinkawapukuta msana umene ndinkalakalaka kuumenya ndi chikuni. Ndinkawameta ndevu, lezala lili pakhosi pawo, ine n'kumaluma mano. Amayi a kumpingo ankabwerabe kudzandiyamikira, ndipo kuyamikirako kunkandinyansa. Ndinawonda. Ndikapeza mpata ndinkatsegula khadi ija n'kumayang'ana mtsikanayo, kumukuza ndi zala mpaka diso lake kudzaza galasi lonse, kufuna kuona chimene anali nacho choposa ine. Ndinamuda kuposa munthu aliyense amene ndinamudapo.

Tsiku lina a Maness anandipeza ndikuyang'ana. Anandilanda kamera, n'kuona chithunzi chimodzi, chachiwiri, chachitatu. Sanafunse zambiri. Anamwetulira.

"Kani achimwene anali ndi maso. Chiuno chake ndi cha wobereka ichi. Alamu, mukanakhala inu mukanatani? Munthu afe osasiya dzina?"

Kuchipinda kunamveka "a-a-a" wamphamvu, ndi kapu kugwa pansi. Sindinapiteko. Ndinavala nsapato, n'kukoleka kamera, n'kuwauza a Maness kuti awayang'anire achimwene awowo. Ndinakwera kabaza mpaka pa siteji.

6

Linali tsiku la msika. Lizulu anali atadzaza, malole ataima m'mbali mwa msewu, mavenda akuthamangitsa minibasi iliyonse ndi mabeseni a tomato. Sindinafunse munthu njira. Ndinayatsa kamera n'kuyendetsa pang'onopang'ono pa mzere wa mashopu, ndipo kabokosi kanadumpha kokha n'kukamugwira.

Anali akuyeza nsalu. Atandiona anamwetulira.

"Takulandirani, mayi. Si inu munajambula ukwati wa Emma?"

"Umawadziwa a Maynard?"

"A Maynard ake ati?"

"Usandipusitse, iwe. Amuna anga."

"Pepani mayi, sindikuwadziwa."

Ndinamutembenuzira kagalasi n'kuyamba kudina, chithunzi pambuyo pa chithunzi. Kumwetulira kunatha. Anagwira pakamwa.

"Mwandijambula liti zimenezi? Ndani amanditsatira?"

Ndikanakhala ndi nzeru ndikanaona kuti mwanayo anali ndi mantha enieni. Koma ndinali nditasunga mkwiyo umene ndinalibe poutayira. Dzanja linapita lokha. Mbama inalira mpaka ogulitsa anyezi anatembenuka. Ndinagwira mpango wake n'kuukoka, tsitsi lake n'kuonekera pamaso pa amuna onse a pamsika.

"Hule iwe! Amuna anga ali gone sakulankhula, iwe uli pano ukuseka!"

Anthu anaunjikana. Ena ankakuwa, ena anatulutsa mafoni. Latifa sanabwezere. Anakhala pansi n'kuphimba mutu ndi nsalu yomwe ankayeza ija.

Kuseri kwa shopu kunatuluka mayi wamkulu thupi, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi mayi Iman, akazi a a Saiti. Anabwera dzanja lili m'mwamba, ndipo ndinakonzeka kulandira yanga. Koma atafika pafupi anaima. Anandiyang'ana pakamwa, pamphumi, pakamwanso. Dzanja linatsika lokha.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "kwanu n'kuti?"

"Kwathu n'kwa a Maynard!" ndinakuwa, n'kutembenuka, anthu akundipatsa njira ngati mfumukazi.

7

Sabata isanathe, ndikuchapa zofunda za a Maynard, ndinamva "odi." Anali mayi Iman, okha. Anakana mpando, n'kukhala pamkeka. Anakananso madzi.

"Latifa ali ndi chibwenzi, mnyamata wotchedwa Khalid," anayamba. "Ukwati unali pafupi. Vidiyo ya zimene munachita yafika kwa makolo ake. Aimitsa zonse."

"Akanaganiza zimenezo asanayambe ndi amuna a eni."

"Mwana uja amuna anu sakuwadziwa. Amene ndimawadziwa ndine. Kodi a Nangozo, amene ankakhala kuseri kwa chigayo ku Lizulu, anali ndani wanu?"

Sopo anandipulumuka m'manja.

Apa ndiyenera kukuuzani nkhani imene a Maynard anandilumbiritsa ija. Ndili Fomu 2 ndinatenga mimba. Mnyamata wake anathawira ku Joni. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndiye ananditumiza mwakachetechete kwa azakhali anga a Nangozo, kuti ndikabisale mpaka nditachira. Ndinachirira m'nyumba mwawo, movutika, mpaka ndinakomoka. Nditatsitsimuka anandiuza kuti mwana wabadwa wakufa. Kwathu kuno maliro a khanda lotero amakaika amayi akuluakulu okha, mwakachetechete. Mayi wake sapita, saonetsedwa manda, ndipo amamuletsa kulira mokweza. Ndinalirira m'chitenje, n'kubwerera kwathu ngati ndinangopita kukathandiza azakhali kukumba mbatatesi.

"Anali azakhali anga," ndinayankha.

"Ine ndinali neba wawo. Ndinalibe mwana, ndipo abale a amuna anga anali atayamba kuwasakira mkazi wina. A Nangozo anabwera ndi khanda m'manja, n'kunena kuti mayi wake ndi mwana wasukulu, walikana, akufuna kulitaya m'chimbudzi. Ine ndi a Saiti tinanyamuka nalo kupita kwa abale ku Mangochi, n'kudzabwerera patapita nthawi ngati ndachirira kumeneko. Ndinkakuonani kamodzikamodzi pa mpanda, muli ndi mimba. Tsiku lija mutatsegula pakamwa kutukwana, ndinaona mano a mwana wanga."

Sindikudziwa kuti ndinakhala pansi nthawi yanji. Ndinangopezeka ndili m'matope a madzi ochapira.

"Sindinamukane," ndinatero. "Anandiuza kuti wafa."

"Ndinadziwa mochedwa. Amuna anu ndiwo anandiuza."

"A Maynard?"

"A Nangozo atadwala komaliza, inu munkaphika kunja, iwo anaitana amuna anu n'kuwaululira. Maliro atatha anabwera kushopu. Anamuona mwanayo n'kulira. Ine ndinachita mantha kuti mundilanda, koma ndinawauzabe kuti, bambo, mayi wake ali ndi ufulu wodziwa. Mukudziwa chimene anayankha?"

Ndinapukusa mutu.

"Anati, 'Abale anga amadziwa kuti wosabereka ndi mkazi wanga. Mwanayu akaonekera, ine nkhope ndiika pati?' Anangopempha kuti azimujambula patali. Ankati tsiku lina akadzalimba mtima adzakuonetsani, kuti musadzadandaule kuti simunamuone akukula."

Ndilibe chithunzi ngakhale chimodzi cha utsikana wanga. Kwathu kunalibe wojambula. Ndinakhala milungu ndikukuza nkhope ija ndi zala, osadziwa kuti ndikudziyang'ana ndekha.

Ndinalowa kuchipinda. A Maynard anali atamva zonse, poti zenera linali lotsegula. Anakweza chala chija n'kundiloza, mofooka.

"Ndamva tsopano," ndinatero. "Simunachite chigololo. Munachita choposa."

8

Mayi Iman anandipempha zinthu ziwiri. Choyamba, ndipite kwa makolo a Khalid ndikamuyeretse mwanayo. Chachiwiri, ndisanene kuti ndine ndani.

"Latifa sadziwa kanthu," anatero. "Amadziwa kuti mayi ake ndine, bambo ake ndi a Saiti. Akwawo kwa Khalid ndi anthu ofunsa za mtundu. Akamva kuti ndi mwana wa mimba ya kusukulu, wosadziwika bambo, mukhala mwamuphera ukwati kawiri. Ndakugwirani mwendo."

Ndinapita. Ndinavala chitenje ndi mpango, n'kugwada pakhonde la anthu osawadziwa, pamaso pa a shehe ndi akuluakulu a mbali zonse. Ndinati amuna anga ankajambula anthu a pamsika ambirimbiri pofuna kuyesa lenzi yatsopano, ine nsanje inandipusitsa, mwanayu n'ngosalakwa. Anandidzudzula mokwanira, ndipo ndinavomera zonse.

Latifa anali pakona, atafunda mpaka pachibwano. Anamuuza kuti alankhule. Anandiyang'ana m'maso koyamba, ali pafupi moti ndikanatha kumugwira tsaya lomwe ndinamenya lija.

"Ndakukhululukirani poti Mulungu amafuna choncho," anatero. "Koma mayi, ndikupempheni. Musadzandiyandikirenso. Ndikakuonani thupi langa limanjenjemera."

Ananditchula kuti mayi, monga amatchulira aliyense wodzagula chitenje.

"Ndamva, mwanawe," ndinayankha.

Ukwati unachitika. Anaitana wojambula wa ku Dedza.

9

Lero ndikadali m'nyumba yomwe ija. A Maynard ndimawasambitsabe. Masiku ena ndimawamvera chisoni, poti anasenza chinthu chimene chinawaposa mphamvu, ndipo atafuna kuchitula pakamwa panali patatsekeka. Masiku ena ndimawayang'ana n'kukumbukira mmene ankapukutira kamera ine ndikutchedwa nkhuku, akudziwa kumene mwana wanga ali. Sindinawakhululukire, ndipo sindinawasiye. Amayi a kumpingo akuti ndine chitsanzo.

A Maness amabwerabe ndi nyemba zawo. Tsopano amafunsa ngati "mtsikana wa achimwene uja" anasiyidwa ndi kanthu m'mimba. Yankho limafika mpaka pa lilime. Mawu ochepa chabe angandichotse chitonzo cha zaka zonsezi, koma mawu omwewo akafika ku Lizulu dzuwa lisanalowe. Ndiye ndimameza, n'kuwathokoza chifukwa cha nyemba.

Inu amene mukuwerenga, makamaka akazi anzanga, sindikuuzani kuti musamakwiye. Mkwiyo wanga unali ndi chifukwa, unangolakwitsa khomo. Kamera inandionetsa zoona zokhazokha: nkhope yake, tsiku lake, malo ake. Nkhani yoikapo ndinapeka ndekha, ndipo ndinaipeka ndi mawu a alamu anga. Mwana uja anandifunsa kuti, "Ndani amanditsatira?" Likanakhala funso limenelo ndinaliyankha ndisanakweze dzanja, mwina lero bwenzi ndikulowa m'shopu muja, ngakhale ngati kasitomala wamba, n'kumamulola andiyeze chitenje paphewa. Ndipo inu azakhali, inu amayi akuluakulu amene mumakonza zinthu mwakachetechete kuti banja lisachite manyazi, dziwani kuti manyaziwo satha. Amangosamukira kwa wina.

Menyu ya kamera ili ndi pofufutira nkhope. Ukadina imafunsa ngati watsimikiza. Ndafikapo pamenepo kambirimbiri, n'kubwerera.

Tsiku la msika ndikapeza wondikhalira ndi odwala, ndimakwera minibasi ya ku Lizulu. Ndimawoloka msewu n'kukaima mbali ya Mozambiki, kuseri kwa matumba a kabichi, pomwe ankaima a Maynard. Ndimaika lenzi yaitali, n'kuzimitsa kaphokoso. Anthu amadutsa mazanamazana, malole amatchinga, fumbi limakwera, koma kabokosi kobiriwira sikasochera.

Mwezi wathawu kanamupeza atakhala pakhomo la shopu, akusisita mimba. Yayamba kuoneka. Ndinajambula, n'kubwerera kunyumba kukaphika phala.